Tiyi wamadzulo kunyanja: lipirani, koma tsiku limodzi

Achemwali, mwafunsa ngati n'koyenera kulipira tiyi wamadzulo pa hotela ya m'mbali mwa nyanja ku Mangochi pomwe muli ndi ana atatu. Ine ndikuti lipirani, koma tsiku limodzi n'lokwanira.

Ife tinakhala pa hotela ina ya pamsewu wopita ku Monkey Bay mu Julayi, mwera ukuwomba. Cha m'ma 4 koloko ana anatuluka m'madzi milomo ili gwagwagwa ndi kuzizira. Tiyi wamkaka wotentha, masikono ndi keke zinawabwezeretsa mtima m'malo. Agogo awo, amene sakonda kusambira, ndiwo anakondwa koposa: anakhala pakhonde kapu ili m'manja, akuyang'ana nkhwazi ndi asodzi akukonza mabwato opita kukagwira usipa usiku. Mpaka lero amakambabe za madzulo amenewo.

Funsani tiyi wa masamba wa ku Thyolo kapena ku Mulanje, wofulula m'ketulo. Fungo lake ndi lina.

Musanakhale pansi, funsani ngati mtengo ndi wa munthu mmodzi kapena wa tebulo lonse, komanso ngati ana amalipira theka. Ndipo mbale musaisiye payokha, chifukwa apusi a m'mitengo ya kunyanja sachedwa kutsika.