Msuweni, za WordPress zija

Eee msuweni, ndaumva uthenga wako. Akuti, "Kodi WordPress si ya blog basi, ingapange webusaiti ya bizinesi?" Iwe... ine ndimakudziwatu. Funso lako si limenelo. Iwe ukufuna uyambe kugulitsa mawebusaiti, kungoti ukuopa kunena poyera poti azakhali ali pagulu pano. Ndanama?

Chabwino, inde, zimatheka. WordPress ndi pulogalamu yopangira mawebusaiti. Inayambadi ngati yolembera blog mu 2003, anaiyambitsa Matt Mullenweg ndi Mike Little, koma pofika 2005 inali kale ndi ma theme (maonekedwe okonzeratu a webusaiti) ndi ma page, masamba aja oti sakankhidwira pansi ukalemba zatsopano. Umangolowa mu Settings, pa Reading, n'kusankha kuti tsamba loyamba likhale lokhazikika, kuzimitsa ma comment, basi. Wogulitsa katundu umamuikira WooCommerce, pulogalamu yowonjezera yogulitsira katundu pa webusaiti, ija inabwera mu 2011. Panopa mawebusaiti oposa 40 pa 100 alionse padziko lapansi amayendera yomweyo. Ukakonza imodzi bwinobwino, ya zithunzi, mapu, nambala ya foni, kasitomala wachiwiri umangomukopera, kusintha logo ndi mitundu. Pulogalamuyo ndi yaulere, layisensi yake ya GPL imalola.

Koma taima kaye. Ukukumbuka amalume nthawi ya galaja ija? Osati yoyamba ija anayambana ndi alamu awo, ayi, yachiwiri. Kunabwera kamnyamata kena kovala tayi, kuwapangira webusaiti. Yokongola zedi, osanama. Pamwamba penipeni chithunzi chawo, ovolosi yochapa, sipanala m'manja, nkhope ili gwa ngati akujambulitsa pasipoti. Anasindikiza makadi, kulembetsa adiresi ija pachikwangwani, mpaka pachitseko cha pikapu. Mlendo aliyense asanakhale pansi ankayamba waonetsedwa pafoni. Agogo, oti maso anali atafooka kale, nawonso: "Amayi, onani, ndine uyu." Agogo amvekere, "Ndiye walowamo bwanji?" Hahaha, iii.

Ndiye chaka chitatha... ayi, chinali chisanathe n'komwe, tsamba lija linayamba kutulutsa zotsatsa mankhwala m'chilankhulo choti palibe amachidziwa. Kasitomala wina n'kuwafunsa ngati asiya zamagalimoto. Kumuimbira mnyamata uja, nambala sikupezeka. Anandiitana ine. Kuyang'ana, theme yake inali yakuba, zija amati nulled, zolipira koma munthu wangotsitsa mwaulere, ndiye kawirikawiri zimabwera ndi code yoipa yobisika mkati. Ndikufunsa pasiwedi, amalume akuti, "Pasiwedi ya chiyaninso, ine ndinalipira kale." Nanga domain, adiresi ya webusaitiyo, inalembetsedwa m'dzina la ndani? La mnyamata uja, imelo yakenso yomweyo. Chaka chitakwana palibe analipira, zonse zii. Makadi aja anathera kulembapo ngongole kuseri. Ndipo mpaka lero amati ndinaiwononga ndine, poti ndine ndinaigwira komaliza. Amalume, ngati mukumvera, sindinetu!

Eya, ndimati chiyani... ee. Kupanga webusaiti si ntchito yovuta, masiku ano aliyense angathe. Chomwe ugulitse iwe ndi kuisamala. Domain imalipiridwa chaka ndi chaka, hosting, malo amene webusaitiyo imasungidwa pa intaneti, imalipiridwanso. WordPress yeniyeniyo, theme, ma plugin (timapulogalamu towonjezera ngati WooCommerce ija), zonse zimafuna update, ndipo usanadine batani uyambe wapanga backup, kusunga kope ya zonse. Ukamasintha maonekedwe gwiritsa child theme, ka theme kapadera kosungiramo zosintha zako, apo ayi update ikabwera ifufuta zonse unavutikira. Komanso taganiza, ukapatsa anthu khumi phukusi limodzimodzi, plugin imodzi ikabowoka onse khumi akuimbira tsiku limodzi. Ndiye ma plugin akhale ochepa, odziwika gwero lake.

Ukundimva? Ndalama yako yeniyeni ili pa kusamala kuja, kwa mwezi ndi mwezi. Umuuze kasitomala tsiku loyamba lomwelo, mulemberane, asadzati sunanene. Ndipo domain m'dzina lake, imelo yake, pasiwedi umulembere papepala asunge yekha, kuti tsiku ukadzatopa, ndipo iwe sumachedwa kutopa, tonse tikudziwa za gitala ija, munthuyo athe kupita kwa wina.

Ndibwerezenso poti ndiwe wamakani: usamangopanga n'kuthawa. Ngati sungathe kuyankha foni chaka chamawa webusaiti ya munthu itagwa, usaiyambe. Ndipo samala, amalume akangomva izi akuimbira usiku womwe uno kuti uwapangire yaulere.