Musaithire oilo, ndipo musaisiye kwa mmisiri inu kulibe

Achimwene a ku Dwangwa, pepani kwambiri ndi zimene zakuonekeranizi. Zithunzi za madzi ofika m'mawindo zija ndaziona ndipo usiku wathawu sindinapeze tulo. Chonde chonde, mfuti yanu ya mpweya imene yagona m'madziyo musaikoke, musaiwombe, ndipo aja akukuuzani kuti muithire oilo wa galimoto kuti dzimbiri lichoke musawamvere. Za sikopu (galasi loonera patali la pamwamba pa mfuti) yatsopano mukufunsazo yambani mwadikira. Yanga inafa chomwechi, ndipo si madzi amene anaipha ayi, anaipha ndi munthu.

Ndinaigula ku Joni ndikugwira ntchito pa famu cha ku Musina, ya mamilimita 5.5, yothyola pakati ija, ya sipuling'i. Ndinadya nsima ndi kabichi miyezi ingapo kuti ndiikwanitse. Sikopu yoyamba ndinathamangira yotchipa, 3-9x40, yonyezimira bwino, koma sinamalize ngakhale chitini chimodzi cha mapeleti (tizipolopolo take), kamtanda ka mkati kanapendekeka. Mwini famu, mlenje wa zaka zambiri, ndiye anandifotokozera kuti mfuti ya sipuling'i imakankha kawiri. Imayamba yabwerera m'mbuyo, kenako pisitoni ikafika kumapeto imagwedezera kutsogolo, ndipo kugwedeza kwachiwiriko n'kumene kumamasula magalasi a sikopu zimene sanazipangire mfuti zotere. Ndinasunganso ndalama n'kugula sikopu ya Hawke ya 4x32, yokuza zinthu kanayi, ndi maunti (chogwirira sikopu pamfuti) ya chitsulo chimodzi yokhala ndi kamsomali koletsa kutsetsereka. Imeneyo inandikhalira zaka osasuntha. Nditabwerera kumudzi ndinayamba kuweta nkhuku ku Chilobwe, ndipo makoswe amene ankandithera anapiye ndinkathana nawo ndi mfuti yomweyo.

Kenako namondwe wa Freddy. Mvula inayamba Loweruka, inagwa Lamulungu lonse osapumira, magetsi atazima, mafoni akutha moto. Kuchera Lolemba pa 13 Malichi 2023 tinamva phokoso kuchokera kuphiri la Soche. Anthu amati ngati ndege, ine ndimati ngati malole khumi akukhuthula miyala nthawi imodzi, ndipo pansi pankanjenjemera. Mkazi wanga anabereka wamng'ono, ine ndinanyamula wamkulu paphewa, tinatuluka opanda nsapato. Madzi ake sanali madzi, linali phala la matope lolemera lokokolola mitengo, malata, mbuzi, miyala yaikulu ngati chimbudzi. Tinafika pamalo okwera pang'ono pamene anthu anaunjikana. Ndinatsitsa mwana. Ndipo ndinabwerera.

Ichi ndi chimene chimandidya mpaka lero. Sindinabwerere kukatenga mabuku a kuchipatala a ana, kapena chiphaso, kapena bulangete. Ndinabwerera kukatenga mfuti, chifukwa m'mutu mwanga munali mawu amodzi okha, akuti chinthu chodula kwambiri m'nyumba ija ndi chimenecho. Mkazi wanga ankakuwa dzina langa, ndinamumva, sindinacheuke. Ndinalowa matope ali m'maondo, ndinafufuza mumdima kuseri kwa kabati, ndinaipeza m'chikwama chake, n'kuikoleka kumsana. Potuluka ndinamva mawu kunyumba yoyandikana nafe. Agogo amene ankatisungira makiyi tikachoka, amene ankapatsa ana anga mbatata yootcha, ankaitana kuti chitseko chakanika. Khoma la kumtunda linali litagwa n'kutsekereza. Mdzukulu wawo wa zaka zisanu ndi ziwiri ankalira mkatimo. Ndinavula chikwama chija n'kuchiponya pansi, sindinaone n'komwe pamene chinagwera. Ndinaswa windo ndi njerwa, ndinakoka mwanayo pakati pa zitsulo, anasupuka msana wonse koma anatuluka. Agogowo sakanakwanira pamenepo. Ndinagwira dzanja lawo kudzera pawindopo, lozizira, lonyowa, akundiuza kuti thawani ndi mwanayo bambo, thawani. Ndinawauza kuti ndikubwera ndi anthu komanso chitsulo chokanulira. Ndinathamanga ndi mwana uja kumtunda. Pobwerera ndi anyamata atatu tinapeza nyumbayo palibe. Panali matope okhaokha ndi mwala.

Tinawapeza Lachitatu, kumunsi kwambiri, tikukumba ndi makasu ndi manja. Ndimawerenga mphindi zija mobwerezabwereza. Ndikanapanda kutaya nthawi kuseri kwa kabati, kodi ndikanawamva msanga? Mkazi wanga amati ndikanapanda kubwerera, mwana ujanso bwenzi atapita. Mwina n'zoona. Koma ine ndimadziwa chimene ndinabwererera. Amene munaona mabokosi atandandalikidwa pabwalo la sukulu ya Naotcha mukudziwa mmene sabata imeneyo inalili. Anthu oposa 600 anafa m'dziko muno, oposa 500 sanapezeke, dziko linalira masiku 14, ndipo ife a ku Chilobwe fungo la matope aja silinatichoke m'mphuno.

Mfutiyo anaipeza ndi mnyamata wina patapita masiku anayi, itakodwa pa chitsa, n'kundibweretsera kumsasa kusukulu kumene tinkagona. Mulungu amudalitse, akanatha kuigulitsa. Sindinkafuna n'kuiona komwe. Koma nkhuku zonse zinali zitapita, denga litapita, ndipo ndinaganiza kuti ndikaikonza ndiigulitsa ndipeze malata. Nditaitsegula m'chikwama, chitsulo chinali ndi dzimbiri la pamwamba chabe, thabwa litafufuma pang'ono, koma sikopu ndinayang'anamo munali mbee, mopanda nthunzi ngakhale pang'ono.

Munthu wina kumsasako anandilozera kwa mmisiri wina ku Limbe, akuti amadziwa mfuti. Bambo wachikulire, wolankhula mofatsa, anandipepesa za ngoziyo mpaka kugwira pamtima. Anati isiyeni, mubwere Lachisanu, inu ovutika sindikudulitsani. Ndinamuuza zonse, za agogo aja, ndikulira pamaso pake. Lachisanu anati Lolemba. Lolemba anati mnyamata wake wapita ndi makiyi. Masabata atatu ndikuyenda wapansi kuchokera kumsasa chifukwa ya minibasi ndinalibe. Tsiku limene anandipatsa, pamwamba panali sikopu ina, yopepuka ngati chidole, pa timaunti tiwiri tosiyana mitundu. Ndinafunsa kuti yanga ili kuti. Anandiyang'ana m'maso n'kunena kuti inalowa madzi, anaitaya, ndipo iyi wandipatsa mwachifundo. Ine ndinali nditayang'anamo ndi diso langali! Kenako pofuna kundionetsa kuti wakonza, anaithyola, n'kuiwomba yopanda peleti, kawiri. Inalira ngati mfuti ya polisi, utsi kutuluka, fungo la oilo wopsa. Iye n'kumaseka kuti mwaona mphamvu? Anali atathira oilo wa injini pakabowo kotulukira mpweya. Mpweya ukapanikizika mwadzidzidzi mmenemo umatentha kwambiri, oiloyo amayaka monga zimachitikira mu injini ya dizilo, ndipo kuphulikako kumawotcha labala ya pisitoni, nthawi zina n'kuthyola sipuling'i. Kuwomba yopanda peleti nakonso kumamenyetsa pisitoni pachitsulo popanda chotchinga. Anachita zonse ziwiri pamaso panga. Nditafika nayo kunyumba peleti inkangogwera pamapazi.

Bambo ameneyo sindinamukhululukire ndipo sindinama kuti ndayesa. Kuba kulipo, tonse timadziwa, koma kubera munthu amene akugona pa simenti ya kalasi, amene wakuuza kuti wangokwirira mnansi wake? Ndipo sanali yekha. Masiku amenewo ena ankatola malata a anthu akufa n'kumakagulitsa, ena ankabwera kudzatijambula n'kumapita osasiya ngakhale sopo. Za a pagulu pano amene ayika nthabwala pansi pa zithunzi za ku Nkhotakota, akuti anthu a kunyanja amadziwa kusambira, chotsani zimenezo. Simukudziwa chimene mukuseka.

Ndiye achimwene, langizo langa loona ndi lakuti iwalani za mfuti. Ndalama iliyonse imene muli nayo ipite ku ufa, mankhwala othira m'madzi akumwa, neti ya udzudzu ndi mbewu. Chitsikireni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 chilichonse chochokera kunja chakwera moti sikopu yabwino ikudyerani ndalama ya malata angapo. Komanso mbalame za mumpunga simungazithe ndi peleti, zimabwera chikhamu, mupha imodzi zina mazana zikudya. Zingwe, zitini ndi ana okuwa zimaposa mfuti. Ndipo m'munda mukakhala madzi musawombe n'komwe, peleti imadumpha pamadzi ngati mwala wophwatalala n'kukapeza munthu amene simukumuona tsidya lina.

Komabe musaisiye iwole, ndi chuma chimenecho. Masulani zomangira, mulekanitse chitsulo ndi thabwa lero lomwe. Thabwalo liume pamthunzi, padzuwa ling'aluka. Chitsulocho pukutani ndi nsanza youma, kenako nsanza ya mafuta pang'ono kunja kokha. Mumpope pititsani kansalu kokoka ndi chingwe cha nayiloni kuchokera kumbuyo mpaka katuluke koyera, osati waya. Ngati matope analowa kumene kuli sipuling'i, iyenera kutsegulidwa, koma musayese nokha pamphasa, sipuling'i imeneyo imakhala yopanikizika ngakhale mfuti isanakokedwe ndipo ikafwamphuka imathyola zala kapena kuboola diso. Pamafunika chopanira chake. Mupeze wodziwa, koma sikopu ndi maunti muchotse zitsale kunyumba, mujambule nambala ya mfutiyo pafoni, ndipo mukhale pompo mpaka amalize. Akati bwerani mawa, nyamulani muzipita. Mumufunse kuti mkati athiramo chiyani. Akatchula oilo wa galimoto kapena wa makina osokera, ameneyo sadziwa.

Sikopu yanu mwati mkati mwachita nthunzi. Imeneyo yatha, zabwino amazitseka ndi mpweya wa nayitrojeni ndipo chinyezi chikalowa ndiye kuti zotsekera zafa, chifunga chizibwerabe m'mawa uliwonse. Poti mudzagulabe, ndikudziwa mudzagula, musagule yotchipa, bola kudikira chaka. Ikhale yolembedwa kuti ndi ya mfuti za mpweya za sipuling'i. Ya 4x32 ikukwanirani, pa mamita 20 kapena 25 simufunika zokuza kwambiri, ndipo yopanda zozungulira zambiri imalimba. Yezani njanji ya pamwamba pa mfuti yanu musanatume munthu, zambiri zothyola pakati zimakhala za mamilimita 11, pamene maunti a mtundu wina wotchedwa Picatinny ndi otambalala pafupifupi kawiri ndipo sangagwire. Onaninso kunenepa kwa sikopuyo, pali za inchi imodzi ndi za mamilimita 30, mphete zake n'zosiyana. Maunti ikhale ya chitsulo chimodzi yokhala ndi kamsomali kaja. Mapeleti amene anamira, ngati ayera ngati phulusa, tayani kutali ndi nkhuku ndi ana, ndi mtovu umenewo, ndipo chizolowezi chowasunga m'kamwa posaka chija musiye. Ine ndinkagwiritsa ntchito a makampani a JSB ndi H&N a mutu wobulungira. Pakali pano timaso tachitsulo timene inabwera nato tija tikugwirirani ntchito, makoswe a m'nkhokwe safuna galasi.

Mukamatuma wa ku Joni, dziwani kuti kumeneko lamulo lawo la 2000 silitenga mfuti ya mpweya yochepera mamilimita 5.6 ngati mfuti yofuna laisensi, n'chifukwa chake amaigulitsa poyera m'masitolo. Lamulo limenelo limathera pa Beitbridge. Kutsogolo kuli Zimbabwe, Mozambique, kenako Mwanza, aliyense ndi malamulo ake, choncho pitani kupolisi kwanuko mukafunse za chilolezo musanatumize ndalama, ndipo mapepala ake muziwasunga mu pulasitiki limodzi ndi ziphaso ndi mabuku a kuchipatala, pafupi ndi chitseko.

Yanga ili pansi pa bedi, yakufa, sindinaigulitse ndipo sindinaikonzetsenso. Mphete za maunti yakale ndilibe, koma chitini chimodzi cha mapeleti a 5.5 chosatsegula chilipo, ndinachisiya kwa mlamu wanga ku Ndirande mvula ija isanabwere. Ngati yanu ndi ya 5.5 ndilembereni ku inbox, ndikapereke kwa kondakitala wa basi ya ku Nkhotakota pamodzi ndi zovala za ana zimene mkazi wanga wasonkhanitsa. Mundiuze misinkhu ya ana anu.