Kodi penguin ilibe chisoni ndi mwana wake?

Amayi ena a ku Yeoville, kuno ku Johannesburg, andilembera imelo. Akuti anaona pa TV penguin ikudyetsa mwana mmodzi, winayo akulira mpaka kufa, ndiye akufunsa ngati mbalame imeneyi ili ndi chisoni n'komwe.

Amayi, funso lanuli landigoneka mochedwa.

Penguin ya kuno ku South Africa imaikira mazira awiri, ndipo limodzi limayamba kuswa. Makolo amasinthana, wina pachisa, wina kunyanja kukasaka tinsomba ta sardine ndi anchovy, akabwera n'kubzikula chakudya m'kamwa mwa ana. Nsomba zikasowa, kholo limasambira mtunda wautali n'kubwerako ndi tochepa. Wamkulu uja, poti ndi wamphamvu, ndiye amayamba kufika pamlomo. Wamng'ono amangoonda.

Ine zimenezi ndinaziona pa ine mwini mu 2020. Lockdown itayamba, abwana omwe ndinkawasamalira maluwa ku Randburg anati ndiyambe ndakhala kaye. Miyezi inapita osatumiza ngakhale kakobidi ku Mangochi. Sukulu zitatsegulidwa kumudzi, ndalama yomwe ndinali nayo inali yokwana fizi ya mwana mmodzi basi. Ndinakhala pamphepete pa bedi m'kachipinda kanga ku Hillbrow, foni ili m'manja, tiyi n'kuzizira ndikungomuyang'ana. Ndinalipirira mnyamata, poti anali Fomu 4. Mlongo wake anatsala pakhomo, namathandiza agogo ake kuyanika usipa pathandala. Mpaka lero akandiyankha moni mwachidule pa WhatsApp, mtima umandipweteka, chifukwa ndimadziwa pomwe zinayambira.

Ndiye chonde, mbalameyo musaiweruze. Ine ndikuloza chala anthufe. Sitima zophera nsomba zinkakokolola sardine yomweyo pafupi ndi zilumba zomwe mbalamezi zimaswera, monga Dassen ndi Robben Island, pamene nsombayo inali itachepa kale ndipo yambiri inasunthira kum'mawa. Mbalame zina zotchedwa Cape gannet zimafika potsatira sitima n'kumatola zotaya za nsomba yotchedwa hake, chakudya chopanda mafuta okwanira, moti ana ake sakula bwino. Mu 2024 bungwe la IUCN, loona zoteteza zachilengedwe padziko lonse, linaika penguin ya kuno m'gulu la zamoyo zotsala pang'ono kutheratu, poti mabanja oswana sakufikanso 10,000. Zimandikumbutsa kwathu, komwe ena amakoka usipa ndi neti ya udzudzu, kutengeratu ndi tiana tomwe, kenako n'kumadabwa kuti nyanja yauma. Zimenezi zimandikwiyitsa kwambiri.

Nanga tingachitepo chiyani?

Mu March 2025 khoti lalikulu ku Pretoria linavomereza mgwirizano woletsa kupha sardine ndi anchovy mozungulira malo 6 oswerako penguin kwa zaka 10. A SANCCOB, bungwe losamalira mbalame za m'nyanja ku Cape Town, amalera ana a penguin osiyidwa ndi makolo, ndipo amalandira thandizo la ndalama. Mukadzapita ku Boulders, gombe lokhala penguin pafupi ndi Cape Town, pa Khirisimasi n'kuona kamwana kofooka, musakagwire, kauzeni oyang'anira malowo.