Za nambala 2,147,483,647 ija mwafunsa achimwene

Achimwene mwati mapointi a gemu pafoni ya mwana wanu anafika pa 2,147,483,647 n'kuima osakweranso, ndiye wina wakuuzani kuti nambalayi ndi prime, mukufuna kudziwa ngati zili zoona. Eee ndi zoona ndithu, komanso si prime wamba ayi.

Tiyambe kaye ku Senga Bay. Mukagula nsomba 12 mutha kuziika m'milu iwiri, itatu, inayi, yofanana bwinobwino. Koma 13 olo muyese bwanji pamatsala zina basi, pokhapokha muike mulu umodzi kapena imodziimodzi. Prime ndi imeneyo.

Nambala yanuyi imapezeka mukachulukitsa 2 ndi 2 ndi 2 mpaka ma 2 akwane 31, kenako n'kuchotsapo 1. Ma prime otere amatchedwa Mersenne, dzina la Marin Mersenne wansembe wa ku France yemwe anamwalira mu 1648, ndipo yanuyi ndi yachinambala 8 pamndandanda wawo. Chimandisangalatsa ine n'chakuti 31 yemweyonso ndi Mersenne, ma 2 asanu kuchotsapo 1, ndiye anthu a masamu amati ndi double Mersenne. Koma musaganize kuti njirayi imabala prime nthawi zonse, ana a Fomu 4 ambiri amagwa pompa. Yesani ma 2 okwana 11 muchotse 1 mupeza 2047, ioneka ngati prime koma pakalikuleta 23 kuchulukitsa ndi 89 ndi yomweyo.

Nanga anadziwa bwanji kopanda kompyuta? Anatsimikiza ndi katswiri wa masamu Leonhard Euler mu 1772, nthawi imeneyo maso atafa kale mkuluyu, tangoganizani. Sanayese nambala zonse ayi, akanafa asanamalize. Choyamba umangoyesa mpaka pa 46,340 chifukwa 46,341 kuichulukitsa ndi iyo yomwe yapitirira kale nambala yathuyi, ndiye ngati pali yoigawa imayenera kuonekera usanadutse pamenepo. Chachiwiri, apa ndiye pali nzeru, nambala iliyonse yogawa Mersenne wa ma 2 okwana 31 imayenera kutsala 1 ukaigawa ndi 62, yomwe ndi 31 kawiri, ndiye 7, 13, 29 ndi zinzake zambirimbiri umangozidumpha osataya nazo nthawi. Onani pa 2047 paja, 11 kawiri ndi 22, ndipo 23 ndi 89 zonse zimatsala 1 ukazigawa ndi 22. Ine tsiku lomwe ndinazindikira zimenezi ndinaseka ndekha mu minibasi yopita ku Nkhotakota anthu mpaka kumandiyang'ana.

Masiku ano yanuyi ndi kamwana. Mu Okutobala 2024 Luke Durant kudzera mu GIMPS, gulu losaka ma prime a Mersenne pa makompyuta, anapeza Mersenne wa ma 2 okwana 136,279,841, ali ndi madijiti 41,024,320, moti mutamalemba dijiti imodzi pasekondi osagona osadya nsima mungathe chaka ndi miyezi itatu musanamalize.

Za gemuzo, kuima kwake si chifukwa choti nambalayi ndi prime, zinangokumana. Mapologalamu ambiri amasunga nambala mu ma bit 32 (bit ndi kamalo kosunga 0 kapena 1), imodzi imapita kosonyeza ngati nambala ili pamwamba kapena pansi pa ziro, otsala 31 aja akadzaza onse ndi 1 ndiye 2,147,483,647 yomweyo. Foni siinaonongeke, musapite nayo kwa okonza ku Kamuzu Road angokudyerani ndalama, mwanayo wangodzadza mtanga.