Funsani Achemwali: Udzu wa m'nyanja usatiwonongere ulendo

Achemwali,
Ine ndi bwenzi langa tikumanga woyera mu Julayi, ndipo tasunga kangachepe koti tikapume ku Zanzibar sabata imodzi. Hotela tidaipeza ku Paje, pazithunzi mchenga uli mbee. Koma mnzanga wa kuntchito yemwe adapitako wandionetsa za m'foni mwake: gombe lili bii ndi udzu wa m'nyanja, madzi akuoneka patali. Mnzangayu wagwa ulesi, akuti bola tingopita ku Mangochi. Kodi udzuwu uli ndi nyengo yake? Tisinthe mwezi kapena malo?
Wa ku Chilomoni, Blantyre

Achimwene,
Mafuno abwino pa ukwati wanuwo. Mwezi musasinthe. Mu Julayi mvula yaikulu ya Malichi mpaka Meyi imakhala italekeza, ndipo dzuwa silipsereza monga mu Febuluwale. Choti muganizirenso ndi mbali ya chilumba imene mukagone.

Nkhani yonse yagona pa mphepo. Mwera womwe umavutitsa asodzi athu m'miyezi yozizira ndi mphepo yomweyo imene imaomba ku Zanzibar kuchokera kummwera chakum'mawa, kuyambira cha mu Epulo mpaka Seputembala. Kumeneko amaitcha kusi. Ngati mudayendapo pa Senga Bay m'mawa mwera utachezera usiku wonse, mudaona bango ndi timitengo titaunjikana pamchenga. Ku Paje zimachitika chimodzimodzi. Paje, Jambiani, Bwejuu, Kiwengwa ndi Matemwe onse ali kum'mawa kwa chilumba, maso kunyanja yaikulu. Kutsogolo kwa magombe amenewa kuli dambo lalikulu la madzi osaya lotchingidwa ndi miyala ya pansi pa madzi, ndipo m'dambomo mumamera udzu ndi ndere zambiri. Mphepo ikalimba masiku angapo, mafunde amazula zomerazo n'kuzitaya kumtunda. Kuyambira Disembala mpaka Malichi kumabweranso ina yochokera kumpoto chakum'mawa, kaskazi, ndipo nayo imaombera gombe lomwelo. Ndiye wina asakunamizeni kuti pali mwezi womwe kum'mawa kumakhala kopanda udzu n'kamodzi komwe. Sabata ino kutha kukhala koyera, sabata yamawa kwadzaza.

Madzi aja mudawaona ali patali ndi nkhani ina, ndipo ife okulira pa nyanja yathu yopanda mchere imatidzidzimutsa. Nyanja yamchere imaphwa ndi kudzaza kawiri pa tsiku. Kum'mawa kwa Zanzibar pansi m'posalaza, choncho madzi akamaphwa amathawa mtunda woti munthu n'kuyenda mpaka kutopa asanafike posambira. Mwezi ukakhala wathunthu kapena ukangokhala kumene, ndiye amathawa kwambiri. Zomera zonse zomwe zidabisika zimaonekera poyera. Ndikukhulupirira kuti mnzanuyo adajambula nthawi yotereyi, pomwe a hotela adajambula madzi atadzaza, antchito atangomaliza kusesa. Zithunzi zonse ziwiri n'zoona.

Ngati mtima wa mlamu wanga uli pa kusambira nthawi iliyonse imene wafuna, pitani kumpoto, ku Nungwi kapena ku Kendwa. Kumeneko gombe limatsetsereka msanga, madzi sathawa kutali, ndipo mu Julayi chilumba chenichenicho chimakutchingirani ku kusi. Kendwa wayang'ana kumadzulo, moti dzuwa likamalowa mumaliona likumira m'madzi. Vuto lake anthu amachuluka ndipo zipinda zimakwera mtengo m'miyezi imeneyi, choncho lipiriranitu msanga. Ndalama ya ku Paje ngati mudapereka kale ndipo sangabweze, gawani sabatayo: masiku awiri kum'mawa, otsalawo kumpoto.

Ndipo ine ndingakonde kuti kum'mawako mukafikeko ndithu, chifukwa si zonse zomwe zili m'madzi amenewo zili zinyalala. Mukadzuka m'mamawa ku Jambiani madzi ataphwa, mudzaona amayi atakhala pansi m'madzi ofika m'chiuno, nsalu zili kumutu, akumangirira tinthambi ta ndere ku zingwe zokokedwa pakati pa zikhomo. Imeneyo ndi minda. Ulimi umenewu udayamba mu 1989 ku Paje ndi Jambiani komweko, ndi mbewu zochokera ku Philippines, ndipo ambiri mwa olimawo ndi amayi. Akakolola amasenza m'matumba, madzi ali chuchuchu kumsana, n'kukayanika padzuwa. Zikauma zimagulitsidwa kunja, komwe amatengamo zolimbitsira mankhwala otsukira mano ndi ayisikilimu. Mtengo womwe amayiwa amalandira ndi wochepa poyerekeza ndi thukuta lawo, komanso mtundu wina womwe unkagulidwa bwino ukufa chifukwa madzi osaya akutentha kuposa kale. Zimandiwawa ndikaona mlendo akuponda zingwe zija pofuna chithunzi chabwino. Mukalambalale minda yawo, mukapereke moni, ndipo musajambule munthu musanapemphe. Sopo yemwe amapanga ndi ndere zomwezo mukagulireko apongozi.

Musanatumize ndalama ku hotela iliyonse, alembereni pa WhatsApp kuti akutumizireni kanema wa gombe lawo wa tsiku lomwelo, wojambula madzi ataphwa. Afunseni ngati amasesa m'mawa uliwonse komanso ngati ali ndi dziwe losambiramo. Wokana kutumiza kanema msiyeni. Nthawi za kuphwa ndi kudzaza kwa madzi zimapezeka pa intaneti miyezi isanafike. Tengani nsapato zapulasitiki zolowa nazo m'madzi, chifukwa m'udzumo mumabisala tizilombo takuda taminga zazitali, ndipo munga ukathyokera m'phazi chisangalalo chathera pomwepo. Kumbukiraninso kuti kuyambira Okutobala 2024 boma la Zanzibar limafuna mlendo aliyense agule inshulansi yawo asanalowe, ndiye muiwerengere pa bajeti.

Achemwali,
Ndimagwira ntchito ya unamwino ku Leeds. Anzanga akukonza zoti tipite ku Cancún ku Mexico mu Juni, koma ndamva kuti kumanunkha ndere zowola. Ine ndimadwala mphumu. Ndipite?
Wa ku Leeds, kwathu ku Dedza

Mayi,
Zomwe mwamvazo n'zoona, ndipo vuto la kumeneko n'lalikulu kuposa la ku Zanzibar. Ndere zake ndi za mtundu wa sargassum, zofiirira, zoyandama pamwamba pa madzi popanda mizu. Kuyambira 2011 zakhala zikuchulukana m'nyanja ya Atlantic kuchokera kufupi ndi West Africa mpaka ku Gulf of Mexico, ndipo mu Juni 2018 akatswiri adayerekeza kuti zidaposa matani 20 miliyoni. Zimafika kwambiri kuyambira cha mu Epulo mpaka Ogasiti, ndiye Juni wanuyo ali pakatikati penipeni. Zikakhala pamchenga masiku awiri zimayamba kuwola n'kumatulutsa mpweya wa hydrogen sulphide, uja wonunkha mazira ovunda. Inu monga namwino mukudziwa chomwe mpweya wotere umachita m'chifuwa cha munthu wa mphumu.

Ine ndikadakhala inu ndikadawapempha anzanuwo kuti mudikire Disembala kapena Januwale. Tchuthi chikakanika kusuntha, pewani magombe oyang'ana kum'mawa monga Tulum ndi Playa del Carmen. Playa Norte pa chilumba cha Isla Mujeres ndi mbali ya kumadzulo ya chilumba cha Cozumel n'zotchingika ndipo nthawi zambiri zimakhala zoyera. Mbali ya Pacific ya Mexico, monga Puerto Vallarta, ndere za ku Atlantic sizifikako. University of South Florida imatulutsa lipoti mwezi uliwonse loonetsa komwe nderezi zili malinga ndi zithunzi za setilaiti, mukaliwerenge musanagule tikiti. Mankhwala anu opopera m'kamwa akhale m'chikwama cha m'manja, ndipo mukapemphe chipinda chotalikirana ndi gombe.