Kodi Aluya anapindulanji ndi mademo a 2011? Ndikuyankha imelo ya achemwali a ku Zomba

Sabata yathayi ndalandira imelo kuchokera kwa achemwali ena a ku Zomba, amaphunzitsa kusekondale, ndipo funso lawo linali lakuti: anthu a ku Egypt, Libya ndi Syria anadzuka kufuna kuchotsa atsogoleri awo, koma lero ambiri akuvutika kuposa kale, ndiye anapindulanji, sizikanakhala bwino akanangokhala chete? Achemwali funso limeneli landisowetsa tulo masiku angapo, ndiye ndiloleni ndiyankhe motalikirapo.

Tiyambire kwa venda, chifukwa nkhani yonse ija azungu amati Arab Spring inayambira pa ngolo ya zipatso. Mohamed Bouazizi anali mnyamata wa zaka 26 wa mtauni ya Sidi Bouzid ku Tunisia, bambo ake anamwalira iye ali mwana ndiye amayi ake ndi azing'ono ake amadalira ngoloyo. Pa 17 December 2010 akhonsolo anamulanda katundu mpaka sikelo yomwe, iye n'kupita kuofesi ya bwanamkubwa kukadandaula koma sanamulole n'komwe kuonana naye, basi anadzithira mafuta n'kudziyatsa pakhomo pomwepo. Nkhaniyi inautsa mademo mdziko lonse, iye anamwalira pa 4 January 2011, ndipo pofika pa 14 January pulezidenti Ben Ali amene analamulira zaka 23 anali atathawira ku Saudi Arabia. Amene munaonapo venda akuthamangitsidwa mtauni tomato ali mbwee pamsewu mukudziwa kuti chimawawa si tomatoyo ayi, ndi kunyozekako, munthu wamkulu kusandutsidwa ngati mwana anthu akuona.

Ku Egypt anthu analowa pabwalo la Tahrir pa 25 January akufuula kuti buledi, ufulu ndi chilungamo, ndipo mchiyankhulo chawo mawu oti aish amatanthauza buledi komanso moyo, mofanana ndi mmene ife timanenera kuti chimanga ndi moyo. Boma linathimitsa intaneti koma anthu anangochulukirachulukira, patatha masiku 18 Hosni Mubarak anatula pansi udindo atakhala pampando kuyambira 1981.

Tsono apa ndi pamene pagona nkhani achemwali. Kugwetsa munthu mmodzi ndi kwina, funso lalikulu ndi lakuti mfuti zili mmanja mwa ndani, komanso mmawa wake ndani ali wokonzeka kuyendetsa dziko. Ku Tunisia asilikali anali ochepa ndipo kuyambira kale sankawalowetsa kwambiri mndale, ndiye sanaone chifukwa chofera Ben Ali. Chinanso anali ndi bungwe la apantchito la UGTT lamphamvu zedi, moti mu 2013 zinthu zitafika pothina, andale awiri otsutsa Chokri Belaid ndi Mohamed Brahmi atawomberedwa, bungweli limodzi ndi la olemba anthu ntchito, la maloya ndi la ufulu wa anthu anakhazika pansi zipani mpaka malamulo atsopano a dziko anatuluka mu January 2014, ndipo mabungwe anayiwa analandira mphoto ya Nobel mu 2015.

Ku Egypt ndiye kunali kosiyana, asilikali kumeneko ali ndi mabizinesi awoawo, mafakitale a simenti, a zakudya, malo omwetsera mafuta, kuwonjeza apo America imawapatsa ndalama pafupifupi madola 1.3 biliyoni chaka chilichonse. Iwo anamusiya Mubarak kuti agwe koma mphika anaugwira okha. Achinyamata aja a pa Tahrir analibe chipani, analibe nthambi kumidzi, okonzeka anali a gulu lachisilamu la Muslim Brotherhood okha ndiye munthu wawo Mohamed Morsi anawina upulezidenti mu 2012, chaka chimodzi chokha mkulu wa asilikali Abdel Fattah el-Sisi anamuchotsa pa 3 July 2013, ndipo pa 14 August asilikali ndi apolisi anapha anthu mazanamazana otsatira Morsi pabwalo la Rabaa tsiku limodzi. Morsi anafera mkhothi mu 2019, Sisi alipobe.

Ku Libya Gaddafi pa zaka 42 zake sanalole chipani kapena bungwe lililonse loima palokha, ndiye NATO itaphulitsa mabomba iye n'kuphedwa ku Sirte pa 20 October 2011 panalibe chogwirira, tauni iliyonse ndi gulu lake la mfuti. Ku Syria akuluakulu ambiri a asilikali anali a gulu lachipembedzo la Alawi lomwe banja la pulezidenti Bashar al-Assad limachokera, iwo anaona kuti akagwa Assad agwa nawo limodzi, ndiye anawombera, kenako Iran ndi Russia anabwera kudzamuchirikiza, ndipo UN inawerenga anthu wamba oposa 300,000 ophedwa mzaka khumi zoyambirira zokha.

Inu a ku Zomba mphepo yake inakufikani pakhomo penipeni, mukukumbuka mu February 2011 Dr Blessings Chinsinga atauza ophunzira ku Chanco kuti kusowa kwa mafuta ndi forex ndi zinthu zonga zomwe zinautsa anthu ku Tunisia ndi Egypt, mkulu wa apolisi Peter Mukhito anawaitanitsa, aphunzitsi n'kunyanyala, sukulu n'kuima miyezi yambiri, kenako kunabwera 20 July imene tinataya anthu pafupifupi 20.

Ndiye anapindulanji? Sindikunamizani, pa nkhani ya buledi ambiri sanapindule. Ngakhale ku Tunisia komweko ntchito za achinyamata sizinapezeke, anthu anatopa ndi mikangano ya aphungu moti pa 25 July 2021 pulezidenti Kais Saied atatseka nyumba ya malamulo ambiri anavina mmisewu, lero atsogoleri otsutsa ngati Rached Ghannouchi ali mndende ndipo anyamata akukwera timaboti ku Sfax kulowera ku Italy. Ku Sudan nakonso mtengo wa buledi unautsa anthu mu December 2018, Omar al-Bashir n'kugwa mu April 2019, koma akuluakulu a mfuti anakana kusiya mpando mpaka anayambana okhaokha mu April 2023. Izi zimandipweteka kwambiri chifukwa anthu aja sanapemphe zachilendo ayi.

Koma pa mawu anu oti akanangokhala chete, pamenepo ndiye ndikukana achemwali. Bata lija tinkaliona tili kutali silinali mtendere. Ku Alexandria apolisi anamenya mnyamata Khaled Said mpaka kufa mu June 2010 atamutulutsa mmalo ogwiritsira intaneti, ndipo chithunzi cha nkhope yake yophwanyika ndi chimene chinasonkhanitsa anthu pa Facebook. Ku Libya mu 1996 akaidi pafupifupi 1,200 anaphedwa mndende ya Abu Salim, mabanja ena kwa zaka anapitiriza kutula chakudya ndi zovala pageti osadziwa kuti abale awo anafa kalekale, ndipo mademo a ku Benghazi anayamba loya wa mabanja amenewa Fathi Terbil atamangidwa mu February 2011. Ku Syria bambo ake a Bashar anagumula mzinda wa Hama mu 1982 n'kupha anthu zikwizikwi, anthu anakhala chete zaka pafupifupi 30, ndipo mu 2011 ku Daraa chinawadzutsa ndi ana asukulu amene anamangidwa n'kuzunzidwa chifukwa cholemba mawu pakhoma. Inu monga mphunzitsi taganizani ana a Fomu 2 amkalasi mwanu, makolo apita kukapempha kuti awatulutse n'kubwezedwa monyozedwa, mukanawauza kuti abwerere kunyumba akakhale chete?

Bashar al-Assad anadzathawira ku Moscow pa 8 December 2024, patatha zaka pafupifupi 14 chiyambire, ndipo za mmene Syria iyendere kutsogoloku ine mtima uli mmwamba. Koma zimene ndinaona pa foni sabata imeneyo sindidzaiwala, zitseko za ndende ya Sednaya zitatsekulidwa amayi okalamba anakhamukira kumeneko atanyamula zithunzi za ana awo, akulowa chipinda ndi chipinda, ena akutolera mapepala omwazika pansi kuwerenga maina mmodzimmodzi kuti mwina apezapo la mwana wawo.