Nyongolotsi zanga zikuthawa mu beseni

FUNSO: Akonzi, ndinayamba kuweta nyongolotsi mu beseni kuseli kwa nyumba kuti zizindipangira manyowa a kadimba kanga, koma pano mukununkha moti aneba akufunsa ngati kwafa khoswe, ndiye nyongolotsizo zikungokwera m'mbali kuthawa. Ndimathiramo zotsala zonse, nsima, ndiwo, makoko a malalanje. Ndalakwitsa pati? — Mayi wa ku Area 25, Lilongwe

YANKHO: Mayi, ndiwozo ndiye zakupwetekani. Mafuta, nyama, usipa, zimenezo ayi ndithu, zimangowola n'kuitana makoswe ndi ntchentche, mchere nawo umaziwotcha poti nyongolotsi imapumira pakhungu. Malalanje ndi anyezi chepetsani. Muzizipatsa makoko a nthochi, a mbatata, masamba ofota, zikamba za mazira zosinja, koma pang'onopang'ono osati kukhuthula poto yense ngati mukudyetsa nkhumba.

Fungolo ndiye kuti madzi achuluka mpweya sukulowa. Boolani beseni pansi ndi msomali wotentha, ng'ambani makatoni ndi nyuzipepala musakanize, kenako sabata yathunthu osathiramo chakudya. Chinyezi chake chizikhala ngati chinkhupule chofinya basi. Muike pamthunzi, zimakonda madigiri 15 mpaka 25, dzuwa la Okutobala lija lingazimalize tsiku limodzi.

Mwina munakumba zija zikuluzikulu za m'munda? Zimenezo mu beseni sizikhazikika, fufuzani zofiira zing'onozing'ono zopezeka pansi pa mulu wa ndowe zakale. Za linthumbu, ikani beseni pa tebulo miyendo yake ili m'zitini za madzi. Pakatha miyezi 3 kapena 4 muona manyowa akuda bii, onunkhira dothi la mvula yoyamba.